Wotchi ya a Nampinga

Pakhonde la sitolo, moyang'anizana ndi msika wa Zomba,
ndili ndi tebulo la miyendo itatu, wachinayi ndi njerwa.
Ndakalambira pano ndikukonza mawotchi.
Masiku ano anthu nthawi amaonera pafoni,
ine ndatsala ndi nkhalamba zinzanga ndi timabatire.

Mawa ndi Khirisimasi.
Mitambo yafungatira phiri ngati nkhuku pamazira,
ngalande zafiira ndi matope,
ndipo tsidya la msewu a Nampinga ayamba kale ndi chimkuzamawu chawo.
Akuwerenga zizindikiro pazala:
namondwe uja anakokolola midzi usiku,
kolera, nkhondo za pawailesi, mtengo wa feteleza.
Zala zatha, zizindikiro zikadalipo.
"Chaka chino sichitha, abale! Lipenga lili pakamwa!"
Amayi a tomato akuti ameni uku akubweza chenji.

Mvula itatsika masana anathawira pakhonde panga,
jekete ili chonyowa, mawu atasasa.
Anavula wotchi: "Inaima Lachiwiri, achimwene. Taioneni."
Ndinatsegula. Kanali kafumbi chabe,
kochepa kuposa njere ya fodya,
katatsamira gudumu limodzi, onse n'kuima.
Ndinauzira kamodzi. Inayambanso kugunda.
"Ndalama ndidzapereka mu Januwale," anatero.
Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Koma pochoka anatembenuka, opanda chimkuzamawu:
"Nanga atabwera usiku uno, akupezani muli pamtendere?"
Ndinati ine sindikangana ndi munthu.

N'zoona, sindikangana ndi munthu.
Layisoni, mng'ono wanga, ali pa Chinamwali pomwepa.
Chiikireni maliro a bambo, mvula zinayi zagwa
osatukwanana, osamenyana, osapatsana moni.
Tikakumana kudepoti aliyense amasuzumira m'thumba mwake.
Ine ndinkati umenewo ndiwo mtendere.
Komatu wotchi yakufa nayonso imakhala chete,
ndipo ine, mwa anthu onse, ndinayenera kudziwa.

Madzulo ndikutsikira ku Chikanda magetsi anali atazima.
M'tchalitchi ana ankayeserera sewero pakandulo,
angelo atafunda nsalu za patebulo,
Yosefe akukangana ndi m'busa polimbirana ndodo,
khanda lili chidole chopanda mkono umodzi.
Ndinaima pawindo, ngumbi zikundigunda kumaso.
Poyamba paja anabwera chonchi,
usiku, m'khola la eni, anthu ali kalikiliki ndi kalembera,
odziwa kuwerenga zizindikiro ali mtulo.
Mtendere wake sunagwe ngati chiphaliwali.
Unali kanthu kakang'ono, kofunika kukafunditsa,
ngati kasikuluwa kaja kakagwa patebulo langa:
sukapeza uli chilili, umachita kugwada.

Za tsiku lomaliza sindikana, lidzafika.
Phiri ili, ndi mikungudza yake, lidzapindidwa ngati mphasa.
Koma ola lake silili pawotchi iliyonse imene ndinatsegulapo,
ndipo ndatsegula zambiri.
Chimene ndikuopa si lipenga ayi.
Ndikuopa kufunsidwa kuti m'bale wako ali kuti,
ine n'kuyankha kuti ali bwino, sitikangana.

Pansi pa sutikesi pali wotchi ya bambo.
Ndinaitenga pasiwa, Layisoni atapita kukagula bokosi,
ngakhale ndinamva ndi makutu anga bambo akuti ndi yake.
Nkhani yonse ndi imeneyo. Njere ya fodya.
Usiku ndaipukuta, ndaithira kadontho ka mafuta, ndaiwaina.

Tsopano kwacha, belu loyamba lalira kale.
Kabaza wanditsitsa pamjigo, ndayenda pansi kotsalako,
paketi ya shuga m'khwapa, wotchi ikugunda m'thumba la malaya
pamwamba penipeni pa inzake ija.
Nthawi ikuti mphindi khumi kuti ikwane seveni.
Chimanga chake chafika m'mawondo, wapalira bwino.
Chitseko n'chotseka.

Odi.

M'katimo mwati zii.
Kenako ndamva wina akukoka mpando.